Mahabharata: Nkhondo Imene Anzeru Analephera Kuiletsa, Milungu N'kumenya Nawo

Munthu amene Ahindu amati ndiye anapeka Mahabharata ndi gogo weniweni wa anthu amene amaphana m'nkhaniyo. Dzina lake ndi Vyasa. Ndiye anabereka Dhritarashtra, tate wa ana aamuna 100 otchedwa a Kaurava, ndiyenso anabereka Pandu, amene ana ake 5 amatchedwa a Pandava. Magulu awiriwa, ana a munthu ndi mng'ono wake, anakumana pa Kurukshetra, dera limene lero lili m'chigawo cha Haryana kumpoto kwa India, n'kumenyana masiku 18 mpaka fuko linangotsala pang'ono kutheratu. Wofotokoza nkhaniyi tsono si mlendo woonerera patali. Ndi nkhalamba imene inalangiza zidzukulu zake kambirimbiri osamvedwa, kenaka n'kukhala pansi kulongosola m'mene zinathera.

Mahabharata ndi ndakatulo ya m'chinenero chakale cha Sanskrit. Mwambo umati ili ndi ndime 100,000 zogawidwa m'mabuku 18, ndipo akatswiri ambiri amati inakula pang'onopang'ono pakati pa 400 BC ndi 400 AD, alakatuli a mibadwo yosiyanasiyana akuwonjezerapo zawo. Bukulo silibisa kuti ladutsa pakamwa pa anthu ambiri. Vyasa anaphunzitsa Vaishampayana, iyeyu anafotokozera mfumu Janamejaya, mdzukulu wa mwana wa Arjuna, mmodzi wa a Pandava, ndipo wina dzina lake Ugrashravas amene anamva nawo anakabwerezanso kwa anzeru osonkhana m'nkhalango ya Naimisha.

M'nkhani yonseyi mukuyenda magulu atatu: anzeru odzipatula otchedwa rishi, ngwazi zankhondo za m'banja lachifumu, ndi milungu. Ambiri akamaifupikitsa amati milungu inathandiza olungama kugonjetsa oipa, anzeru akudalitsa. Kufupikitsa kotereku kumaphonya chimene chimayendetsa nkhani. Chimene chimalamulira mu Mahabharata ndi mawu amene munthu watulutsa pakamwa, kaya ndi lumbiro, temberero kapena lonjezo, ndipo mawuwo amamanga onse mofanana. Wanzeru sangawabweze, ngwazi singawathawe, mulungu nayenso amawagonjera.

Rishi ndi munthu amene wachoka pamudzi kukakhala kutchire, kumasala kudya, kupemphera ndi kuzunza thupi lake zaka zambirimbiri. Malinga ndi chikhulupiriro cha m'bukuli, kudzimana kotere kumaunjika mphamvu mwa munthu moti chimene wanena chimachitika basi. Iye mwini akaphwa mtima angangochifewetsa, koma kuchichotsa ayi. Ndipo anthu amenewa si ofatsa monga tingaganizire. Ambiri ndi a mtima wapachala, ndipo milungu imene imawaopa.

Mbadwo wonse wa ankhondo aja unachokera m'mawu a anthu otere. Milungu 8 yotchedwa Vasu inaba ng'ombe ya rishi Vasishtha, iye n'kuitemberera kuti ibadwe ngati anthu. Mayi wawo padziko anali Ganga, mulungu wa mtsinje, amene anamiza ana 7 atangobadwa kuti abwerere kwawo msanga. Wa nambala 8 anatsala, ndipo ndiye Bhishma. Pambuyo pake mfumu Pandu ali kosaka analasa mbawala ziwiri zili pa chikondi, osadziwa kuti anali rishi Kindama ndi mkazi wake atadzisandutsa. Temberero linali loti tsiku limene adzakhudze mkazi wake mwachikondi adzafa. Ana akanachokera kuti tsono? Yankho linali kale m'manja mwa mkazi wake Kunti, amene ali mtsikana anatumikira bwino Durvasa, rishi wodziwika ndi ukali, n'kupatsidwa pemphero loitanira mulungu aliyense kuti am'patse mwana. Motero Yudhishthira anabadwa kwa Dharma, mulungu wa chilungamo, Bhima kwa Vayu wa mphepo, Arjuna kwa Indra mfumu ya milungu, ndipo Madri, mkazi wachiwiri, anabereka mapasa Nakula ndi Sahadeva kwa milungu iwiri yotchedwa Ashvin.

Vyasa mwiniwake analowa m'banjali pa njira yovuta. Mfumu Vichitravirya inamwalira yopanda mwana, n'kusiya akazi awiri amasiye, Ambika ndi Ambalika. Mayi wake Satyavati anaitana mwana wake woyamba, Vyasa, amene anabereka kwa rishi Parashara asanakwatiwe kunyumba yachifumu, kuti adzadzutse nyumba ya mbale wake. Kwathu kuno tinganene kuti analowa chokolo, ngakhale sanakhazikike m'nyumbamo. Munthu wa kutchireyo anali woopsa m'maonekedwe. Ambika anatsinzina pomuona, mwana wake Dhritarashtra n'kubadwa wosaona. Ambalika anatumbuluka ndi mantha, Pandu n'kubadwa wotuwa. Ulendo wachitatu Ambika anatumiza wantchito wake m'malo mwake, ndipo mayi ameneyu, amene anamulandira Vyasa mwaulemu, anabereka Vidura.

Pa Vidura m'pofunika kuima pang'ono. Rishi wina dzina lake Mandavya anagwidwa pamodzi ndi mbava zimene zinabisala pamalo pake, mfumu n'kulamula kuti abayidwe pa mtengo wosongoka ngakhale analibe mlandu. Sanafe. Atamasulidwa anapita kwa Dharma kukafunsa chimene analakwa, ndipo anauzidwa kuti ali mwana ankabaya tizilombo ndi udzu. Mandavya anakwiya, nanena kuti chilangocho chaposa mlandu kutalitali. Anakhazikitsa lamulo loti zimene mwana wachita asanafike zaka 14 zisawerengedwe ngati tchimo, ndipo anatemberera Dharma kuti akabadwe kwa mkazi wantchito. Ameneyo ndiye Vidura. Taganizani: munthu wamba akuzenga mlandu mulungu wa chilungamo n'kumupeza wolakwa. Ndipo chilungamocho chitabadwa ngati munthu, chinakhala m'nyumba yachifumu ngati mlangizi wopanda ufulu wolowa ufumu chifukwa cha mayi wake. Vidura anachenjeza mkulu wake Dhritarashtra tsiku limene Duryodhana, mwana woyamba wa mfumuyo, anabadwa, anachenjezanso pa tsiku la juga imene a Pandava anatayirapo zonse, anachenjezanso nkhondo isanayambe. Mfumu inkamvetsera, kuvomereza kuti wanena zoona, kenaka n'kuchita zofuna za mwana wake. Kwa ine Vidura ndiye munthu wolungama kwambiri m'buku lonseli, ndiponso ndi amene mawu ake analibe mphamvu yoletsa kanthu.

Anzeru alinso ndi ntchito ina yofatsa. A Pandava ali mu ukapolo wa m'nkhalango chifukwa cha juga ija, ma rishi ankawayendera kudzawatonthoza ndi nthano. Brihadashva anafotokozera Yudhishthira za mfumu Nala imene nayonso inataya zonse pa juga, Markandeya anafotokoza za Savitri amene anatsata mulungu wa imfa mpaka kuombola mwamuna wake, ndiponso nkhani ya Rama mwachidule. Umu ndi m'mene bukuli linatupira, chifukwa mlendo aliyense ankafika ndi nkhani yake.

Pakati pa ngwazi, wamkulu ndi Bhishma. Tate wake Shantanu anakonda Satyavati, mwana wa msodzi, koma msodziyo anati mwana wake akwatiwa pokhapokha ngati ana ake ndiwo adzalowe ufumu. Mnyamatayo, pofuna kusangalatsa tate wake, analumbira kuti sadzalowa ufumu ndipo sadzakwatira. Anthu anamutamanda, tate wake n'kumudalitsa kuti adzafa pa nthawi imene wasankha yekha. Koma lumbiro lomwelo ndi limene linasiya mpando wopanda wolowapo woyenera. Satyavati atamupempha kuti abereke ana m'malo mwa malemu mbale wake, anakana chifukwa cha lumbiro. Amba, mwana wa mfumu ya ku Kashi amene Bhishma anamutenga mokakamiza kuti akakwatiwe ndi mbale wake, atakanidwa ndi bwenzi lake lakale anapempha Bhishma kuti amukwatire, ndipo anakananso chifukwa cha lumbiro. Mayiyo anadzizunza mpaka mulungu Shiva anamulonjeza kuti adzabwezera, ndipo anabadwanso monga Shikhandi, amene Arjuna anabisala kumbuyo kwake polasa Bhishma pa tsiku la 10 la nkhondo. Munthu wosaphwanya mawu ake ngakhale kamodzi anamenyera mbali imene iye mwini ankadziwa kuti njolakwa, chifukwa anali womangika ku mpando wachifumu wa ku Hastinapura.

Malo amene zonsezi zimaonekera poyera ndi bwalo la juga, m'buku lachiwiri. Yudhishthira, mwana wa Dharma, anali ndi chizolowezi chosakana akaitanidwa ku mpikisano. Shakuni, malume ake a Duryodhana, anali katswiri wa mayere. Yudhishthira anataya chuma, ufumu, abale ake mmodzimmodzi, kenaka iye mwini, ndipo pomaliza anaikapo Draupadi, mkazi wa onse 5. Draupadi anakokedwa ndi tsitsi kulowa m'bwalo. Pamenepo anafunsa funso la mlandu: munthu amene wadzitaya kale yekha n'kukhala kapolo, ali ndi ufulu wanji wobetcha mkazi wake? M'bwalomo munali Bhishma, munali Drona mphunzitsi wa onsewo, munali Kripa mphunzitsi mnzake. Bhishma anangoti nkhani ya chilungamo njovuta kuizindikira ndipo sangathe kugamula. Amene analankhulira mayiyo anali Vidura ndi Vikarna, mmodzi wa ang'ono ake a Duryodhana. Akuluakulu odziwa malamulo onse anakhala chete mayi akuvulidwa. Sindiona chifukwa chowakhululukira, ndipo bukulo silifuna kuti tiwakhululukire. Funso la Draupadi silinayankhidwe tsiku limenelo. Mfumu yosaonayo itachita mantha ndi malodza inamupatsa mwayi wopempha chimene akufuna, ndipo ndi iyeyo amene anaombola amuna ake. Juga itabwerezedwa anataya kachiwiri, n'kupita kutchire zaka 12, ndi chaka china chimodzi chobisala kwa mfumu Virata.

Karna ndiye amene amagwira mtima owerenga ambiri. Kunti atangolandira pemphero lija anafuna kuliyesa, naitana Surya, mulungu wa dzuwa. Mwana anabadwa atavala kale chovala chodzitetezera pankhondo ndi ndolo, ndipo mtsikanayo pochita manyazi anamuika m'dengu n'kumusiya pamtsinje. Analeredwa ndi Adhiratha, woyendetsa magaleta, ndi mkazi wake Radha. Atakula n'kufuna kupikisana ndi Arjuna, anamunyoza chifukwa cha kobadwira. Duryodhana yekha ndiye anamulemekeza, n'kumulonga ufumu wa Anga pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo Karna anali wake. Nkhondo ili pafupi, Krishna, msuweni wa a Pandava, anamuululira kuti ndiye mkulu wa a Pandava onse ndipo ufumu ungakhale wake, koma anakana kusiya mnzake. Kunti anamutsatira kumtsinje, ndipo chimene anapeza ndi lonjezo loti sadzapha ana ake ena 4 kupatula Arjuna, kuti zivute zitani mayiyo adzatsale ndi ana 5.

Nayenso anamangidwa ndi mawu. Ananamiza mphunzitsi wake Parashurama za mtundu wake, n'kutembereredwa kuti adzaiwala luso la chida chake chachikulu pa nthawi imene adzachifune kwambiri. Anapha mwangozi ng'ombe ya wansembe wina, n'kutembereredwa kuti gudumu la galeta lake lidzatitimira m'nthaka. Analinso ndi lumbiro losamana wansembe aliyense wopempha, ndipo Indra, pofuna kuteteza mwana wake Arjuna, anadzisandutsa wansembe n'kudzapempha chovala chija ndi ndolo. Surya anali atamuchenjeza kale, koma Karna anazidula pathupi pake n'kupereka. Tisaiwale komabe kuti Karna yemweyo ndi amene anatukwana Draupadi m'bwalo la juga, ndipo anali m'gulu la akuluakulu amene anazinga mnyamata Abhimanyu, mwana wa Arjuna, pa tsiku la 13. Kumumvera chisoni n'koyenera, koma kumuyeretsa n'kunama.

Nanga milungu? Buku loyamba limati dziko lapansi linalemedwa ndi ziwanda zobadwa ngati mafumu, n'kukadandaula kwa mulungu Brahma, ndipo milungu inagwirizana zotsika m'matupi a anthu kuti ichepetse katunduyo. Poyang'ana motere nkhondo yonse inali yokonzedwa kale kumwamba. Koma milungu ya m'nkhaniyi imachita ngati makolo okondera ana awo. Indra amanyenga, Surya amachenjeza, Agni amapempha Arjuna ndi Krishna kuti amuthandize kutentha nkhalango ya Khandava ndi zamoyo zake, Shiva amadzisandutsa mlenje n'kumenyana ndi Arjuna asanamupatse chida.

Krishna ndi wosiyana ndi onsewa. Ndi msuweni wa a Pandava, popeza Kunti ndi mlongo wa tate wake, komanso kwa okhulupirira ndi mulungu Vishnu mwini m'thupi la munthu. Anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo a Pandava anali okonzeka kulandira midzi 5 yokha, koma Duryodhana anakanitsitsa. Mbali zonse zitapempha thandizo lake, anati wina atenge gulu lake lankhondo, wina atenge iye yekha wosanyamula chida. Arjuna anasankha Krishna kuti akhale woyendetsa galeta lake. M'mawa wa tsiku loyamba Arjuna ataona agogo ake, aphunzitsi ake ndi abale ake kutsogolo, anaika uta pansi. Zimene Krishna anamuyankha ndizo Bhagavad Gita, ndime 700 m'mitu 18 mkati mwa buku la 6. Mfundo yake njoti mzimu sufa, ndipo munthu achite udindo wake osaika mtima pa phindu lake. Gita inamasuliridwa m'Chingerezi ndi Charles Wilkins mu 1785, ndipo lero imawerengedwa payokha ndi anthu ambiri amene sanatsegulepo mabuku ena 17.

Amene wawerenga mabuku enawo amakumana ndi vuto. Atsogoleri akuluakulu a ankhondo a Kaurava anagwa m'njira zosemphana ndi malamulo a nkhondo amene mbali zonse zinagwirizana, ndipo nthawi zambiri nzeru inachokera kwa Krishna. Drona sakanagonjetseka ali ndi chida m'manja, choncho Bhima anapha njovu yotchedwa Ashvatthama, dzina la mwana wa Drona, n'kufuula kuti Ashvatthama wafa. Drona anafunsa Yudhishthira, podziwa kuti sanama. Yudhishthira anavomera, mawu oti njovu n'kuwanena chapansipansi. Bukulo limati galeta lake, limene linkayenda m'mwamba pang'ono osakhudza nthaka, linatsika pomwepo. Karna analasidwa atatsika pansi kuzula gudumu lake. Duryodhana anamenyedwa pantchafu ndi chibonga cha Bhima, pamene lamulo linkaletsa kumenya m'munsi mwa chiuno, moti Balarama, mkulu wake wa Krishna, anachoka ali wokwiya. Duryodhana ali gone anawerengera Krishna chinyengo chilichonse, maluwa n'kugwa kuchokera kumwamba pa iye, ndipo Krishna anavomera kuti ankhondo amenewo sakanagonja pa nkhondo yachilungamo.

Anthu amalongosola zimenezi m'njira zingapo. Okhulupirira amati Krishna amaona patali kuposa malamulo a bwalo la nkhondo, ndipo amene anaphwanya chilungamo pa tsiku la juga sangabisale kumbuyo kwa malamulo. Akatswiri a zolembedwa amati ulemerero wa Krishna unkakula m'mene bukulo linkakopedwa. Pali umboni wake. Bungwe la Bhandarkar Oriental Research Institute ku Pune linagwira ntchito kuyambira 1919 mpaka 1966 kuyerekeza mipukutu yoposa 1,200, motsogozedwa kwa zaka zambiri ndi V. S. Sukthankar. M'kope limene anatulutsa, nsalu za Draupadi zimangoonjezereka mozizwitsa, koma pemphero lake loitana Krishna silili m'nkhani yeniyeni. Nkhani yotchuka yoti mulungu Ganesha ndiye analemba pamene Vyasa ankalakatula anaiikanso pambali monga yowonjezedwa pambuyo pake. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Chimene chimandikhudza ine n'choti alakatuli a mibadwo yonseyo, amene ankamukonda Krishna, sanafufute milandu imene Duryodhana anamuwerengera. Anali ndi mwayi zaka mazanamazana, koma anaisiya momwemo.

Anasiyanso temberero la Gandhari, mayi wa a Kaurava. Mayi ameneyu anadzimanga nsalu kumaso tsiku limene anamva kuti akukwatiwa ndi munthu wosaona, ndipo anakhala choncho moyo wake wonse. Nkhondo itatha, Ashvatthama atapha usiku ana 5 a Draupadi ndi ankhondo amene anali m'tulo, amayi anapita kukafuna mitembo ya amuna awo ndi ana awo. Buku la 11 ndi la amayi amenewa. Gandhari anaonetsa Krishna mtembo uliwonse ndi mkazi wolira pambali pake, kenaka anamuuza kuti iye anali ndi mphamvu yoletsa zonsezi koma sanatero, choncho pakatha zaka 36 mtundu wake udzaphana wokhawokha ndipo iye adzafa yekhayekha kutchire. Krishna sanatsutse. Zinachitikadi: a Yadava, mtundu wa Krishna, anaphana ataledzera, Krishna analasidwa kuphazi ndi mlenje Jara amene ankayesa mbawala, mzinda wawo wa Dvaraka unamira m'nyanja, ndipo Arjuna analephera kuteteza amayi a mumzindawo kwa achifwamba. M'buku la 11 lomwelo, kunali kumtsinje, pa mwambo wothirira madzi akufa, kumene Kunti anaulula kuti Karna anali mwana wake woyamba.

Yudhishthira anapambana koma sanafune ufumuwo. Panafunika Bhishma, ali chigonere pa mivi kudikira nyengo imene anasankha kufa, kuti amuphunzitse za utsogoleri, ndipo chiphunzitso chimenecho chimadzaza mbali yaikulu ya buku la 12 ndi la 13. Pomaliza a Pandava anasiyira ufumu Parikshit, mwana wa Abhimanyu, n'kuyamba ulendo wa kumapiri a Himalaya. Draupadi ndi abale 4 anagwa panjira. Yudhishthira anakana kukwera kumwamba popanda galu amene ankamutsata, ndipo galuyo anali Dharma. Kumwambako anapeza Duryodhana ali pa mpando waulemu, abale ake ali pamalo amdima ndi onunkha, ndipo anasankha kukhala nawo komweko. Pambuyo pake anauzidwa kuti anali mayeso, komanso kuti anayenera kuona malowo chifukwa cha bodza limene ananamiza Drona.

Anthu amene amakhala ndi nkhaniyi tsiku ndi tsiku sanaigawe m'magulu a oyera ndi akuda. Ku Tamil Nadu Draupadi amapembedzedwa monga mulungu wamkazi, ndipo mwambo woyenda pa makala amoto pomulemekeza unafika mpaka ku KwaZulu-Natal ndi Amwenye a ku South Africa. Ku Kerala kuli kachisi wa Duryodhana. Mfumu Akbar inalamula mu 1582 kuti bukuli limasuliridwe m'Chiperisiya, ku Java limaseweredwa ndi zidole za mthunzi, ndipo pakati pa 1988 ndi 1990 kanema wa B. R. Chopra wa magawo 94 anaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya boma la India. Inu amene mukufuna kulidziwa koma simungathe mabuku onse 18, musayambire pa Gita yokha. Werengani buku lachiwiri, la bwalo la juga, kenaka la 11, la amayi olira maliro, ndipo pokhapo mubwerere ku zimene Krishna anauza Arjuna.